Kumata ndi kukhoma zinthu m'galimoto ndi m'bafa kuno ku Joni, mmene mungachitire kuti zisamagwe

Abale anzanga amene amandiitana kuti ndikawakonzere tizinthu ta m'flat kapena m'galimoto, dandaulo lawo limakhala limodzimodzi, chinthu achimata lero mawa chagwa. Holder ya foni yagwera pansi pa mpando munthu ali pakati pa msewu waukulu wa M1, kashelefu ka sopo kagwa usiku mpaka ana kudzidzimuka, chopachikira thawulo chazuka ndi pulasitala yemwe. Ndiye aliyense amangoti zinthu za masiku ano ndi zosalimba. Zina ndi zosalimbadi, koma zambiri zimagwa chifukwa woikayo sanayang'ane pomwe akuziika, sanapukute, ndipo sanadikire. Galimoto ndi bafa ndaziphatikiza dala chifukwa mavuto ake amafanana, konseko kuli kutentha, konseko kuli malo oterera, ndipo ambirife kuno galimoto ndi ya abwana ife timangoyendetsa Uber kapena Bolt, nyumba ndi ya alandilodi, ndiye sungangotenga drill n'kuyamba kubowola.

Musanatulutse ndalama

Choyamba gwirani ndi chala malo amene mukufuna kuikapo chinthucho. Galasi ndi tailosi yonyezimira ndi zosalala zenizeni, pamenepo suction cup, kalabala kaja komata popanda guluu, kamagwira. Dashibodi ya magalimoto ambiri ili ndi timizere ngati chikopa, matailosi ena ndi okhakhala dala kuti munthu asaterereke, khoma lopenta limapuma mpweya. Malo amenewa suction cup musataye nayo nthawi, mpweya umalowa m'timizere timeneto pang'onopang'ono ndipo kadzagwa basi, olo mutakakanikiza bwanji.

Chachiwiri yang'anani kutalika kwa mkono wa chinthucho. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika m'shopu, amasankha holder ya mkono wautali wopindika chifukwa imabweretsa foni pafupi ndi nkhope. Koma foni ikatalikira pomwe yamatidwa, kulemera kwake kumakoka kwambiri m'mphepete mwa chomatacho, ndiye onjezani mahampu ndi maenje a m'misewu ya Rosettenville ndi Turffontein, mkono uja umangogwedera tsiku lonse n'kumamatula pang'onopang'ono. Chimodzimodzi shelefu ya m'bafa, yotuluka masentimita 20 kuchoka pakhoma imakoka kuposa yotuluka masentimita 10 olo katundu wake akhale yemweyo. Ine ndimati sankhani chachifupi, cha phazi lalikulu.

Chachitatu, funsani mwini wake. Meseji ya pa WhatsApp yokwanira, bola yankho likhale lolembedwa. Lamulo la lendi la kuno, Rental Housing Act ya 1999, limati inu ndi alandilodi muyendere nyumba limodzi polowa komanso potuluka, ndipo zowonongeka amadula pa dipoziti. Ndiye jambulani bafa lonse musanaike kanthu, tailosi iliyonse yosweka kale ioneke pa chithunzi.

Chifukwa chake suction cup imavuta kuno

Chimene chimagwira suction cup ndi mpweya wakunja umene umaikanikiza pagalasi mukatulutsa mpweya wamkati. Tsono Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchoka pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno mphamvu yake ndi pafupifupi 83 kPa pamene ku Durban m'mphepete mwa nyanja ndi 101 kPa. Ndiye kalabala komweko kamene kamagwira bwino ku Durban, kuno kamagwira mochepera ndi pafupifupi 18 peresenti. Ngakhale Lilongwe ndi Blantyre zili m'munsi poyerekeza ndi kuno. N'chifukwa chake paketi ikalemba kuti 3 kg, inu muziwerengera 2 kg kapena kuchepera, muzisiya mpata.

Kaikidwe kake ndi kotere. Tsukani kalabalako ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, kaume kokha osakapukuta ndi nsalu yosiya ubweya. Pukutani galasi kapena tailosi ndi sipiriti. Nyowetsani m'mphepete mwa kalabala ndi kadontho kamodzi ka madzi, osati malovu, osati mafuta. Kanikizani pakati mpweya utulukire m'mbali, kenako tsekani kachogwirira kake ngati kalipo, ndipo zokhala ndi kachogwirira koteroko n'zabwino kuposa zongokanikiza. M'bafa onetsetsani kuti kalabala konse kakhale pa tailosi imodzi, kakangodutsa pa mzere wa grout, simenti ya pakati pa matailosi ija, mpweya walowa kale. Pa windisikirini pewani timadontho takuda ta m'mphepete mwa galasi, n'totukuka pang'ono. Ndipo mwezi uliwonse muzikachotsa, kutsuka n'kukabwezera, makamaka June ndi July pamene m'mawa kumazizira mpaka pafupi ndi 0°C labala n'kuuma gwaa, masana dzuwa n'kumufewetsanso.

Tepi yomata mbali zonse, apa ndiye pofunika kudekha

Pa dashibodi, pa dashcam, kamera yojambula msewu ija, ndi pa mashelefu ambiri a m'bafa osabowola, chimene chimagwira ndi tepi yokhuthala ija ya mbali ziwiri, yodziwika kwambiri ndi 3M VHB, kapena guluu wa m'kachubu amene amabwera m'paketi momwemo. Tepi yeniyeni ndi yamphamvu zedi, mabaji ndi timizere ta m'mbali mwa magalimoto ambiri tinamatidwa ndi tepi ya mtundu umenewu kufakitale. Koma imafuna ulemu wake.

Yambani ndi kuchotsa polishi. Kukawashi kulikonse kuno amapopera dashibodi mankhwala onyezimiritsa aja, ambiri mwa iwo muli silikoni, ndipo pa silikoni palibe tepi imene imagwira. Dashibodi yonyezimira bwino ija ndi imene imagwetsa holder. Tsukani kamalo kameneko ndi madzi a sopo, pukutani, kenako pakani isopropyl alcohol wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, amapezeka m'mafamase ndi m'mahadiweya, ngati mulibe sipiriti wa methylated amathandizako koma yesani kaye pamalo obisika kuti asasinthe mtundu wa pulasitiki. Pukutani ndi nsalu yoyera mopita mbali imodzi, mukamazunguliza mukungofalitsa mafutawo. Bwerezani mpaka nsalu izituluka yoyera. M'bafa mdani wake ndi zotsalira za sopo ndi shampu pa matailosi, sizioneka koma zilipo, njira yake ndi yomweyo.

Kenako yang'anani kutentha. Tepi imeneyi imamata bwino malo akakhala ofunda, cha m'ma 21°C kupita m'mwamba, ndipo pansi pa 10°C guluu wake amauma osalowerera. Ndiye nthawi yozizira musamate 6 koloko m'mawa musanatuluke kukagwira ntchito, dikirani masana, kapena yatsani hita ya galimoto kaye, kapena funditsani ndi hair dryer pang'ono chabe.

Yesani malo tepi musanaisende. Khalani pa mpando wanu mmene mumakhalira poyendetsa, ikani holder ndi foni yomwe, onani ngati dzanja likufika osadzuka, onani ngati sikutchinga msewu, lembani ndi masking tape pomwe phazi lithere. Mukasenda musakhudze guluu ndi zala, ikani kamodzi kokha, kumatula n'kumatanso ndiye kuti mwaipha. Kanikizani mwamphamvu ndi chikhatho masekondi 30 mpaka 60, m'mphepete monse.

Ndiye gawo limene pafupifupi aliyense amalidumpha, kudikira. Opanga tepiyi amanena okha kuti pakatha mphindi 20 imakhala yagwira theka la mphamvu yake, pakatha maola 24 pafupifupi 90 peresenti, yonse imakwana pakatha maola 72. Ndikudziwa kuti woyendetsa Bolt sangaimike galimoto masiku 3, koma mutha kumata phazi lokha Loweruka usiku mukaweruka, osaikapo mkono kapena foni, n'kudzayamba kugwiritsa ntchito Lolemba. M'bafa shelefu muimate koma isanyowe ndipo musaikepo kanthu kwa tsiku lathunthu kapena kuposa, sambani ndi ndowa tsiku limenelo ngati shelefuyo ili mkati mwa shawa, auzeni ndi a m'nyumba onse chifukwa pamapezeka wina wopachikapo chikwama cha zosambira usiku womwewo.

Pulasitiki ina, makamaka yolimba yokhakhala ya m'munsi mwa dashibodi ndi pa zitseko, ndi polypropylene, imakana guluu mwachibadwa. Mukadontheza madzi n'kuona akupanga timibulu osafalikira olo mwatsuka bwino, dziwani kuti tepi yokha siigwira nthawi yaitali, pamafunika kamankhwala kotchedwa adhesion promoter, kapena ingosankhani malo ena.

Foni ikhale pati m'galimoto

Malamulo a pamsewu a kuno, regulation 308A, amaletsa kugwira foni m'manja kapena kuipanikiza ndi phewa uku mukuyendetsa, ndipo apolisi a mzinda wa Johannesburg, a JMPD, amaimitsa anthu pa zimenezi. Ndiye holder si chokongoletsa. Koma malo ake ali ndi zovuta zitatu zimene zimakokana, dzuwa, airbag ndi akuba.

Dzuwa la kuno ndi lakuthwa, galimoto ikaima panja December dashibodi imatha kupitirira 70°C. Apple imanena kuti iPhone inapangidwa kugwira ntchito pakati pa 0 ndi 35°C, mafoni enanso ndi cha pomwepo. Foni imene ili pa windisikirini, ikutchaja, mapu ali on, dzuwa likuiwomba, imatentha mpaka kuzimitsa sikirini muli ndi kasitomala kumbuyo. Holder yapa vent, potulukira mpweya wa aircon paja, imathetsa zimenezi nthawi yotentha chifukwa aircon imaziziritsa foni, koma nthawi yozizira mukayatsa hita vent yomweyo imaiphika, ndiye tsekani vent imeneyo mpweya wotentha uzipita kumapazi. Vuto lina, timapulasitiki ta vent n'tosalimba, sitinapangidwe kunyamula foni yaikulu, tikathyoka pa galimoto ya abwana ndi nkhani ina. Ngati mwasankha ya pa vent tengani yokhala ndi kambedza kokola kumbuyo ndi kamwendo kotsamira m'munsi, ndipo muikole pa kapulasitiki ka m'munsi kwenikweni.

Za airbag musachite nazo masewera. Paliponse palembedwa SRS kapena AIRBAG, pa chiwongolero, pa dashibodi kutsogolo kwa pasenja, pa mizati ya m'mbali mwa windisikirini, m'mbali mwa mipando, pamenepo musamatepo kanthu, musaikepo ngakhale kabotolo ka perefyumu. Airbag imatuluka mwa kuphethira kwa diso ndipo chilichonse chili pamwamba pake chimaulukira kumaso kwa munthu.

Akuba nawo, pa maloboti ena a m'tauni ndi pa ma off-ramp foni yoonekera pafupi ndi windo la dalaivala imaitana smash and grab, kuswa windo n'kukwatula foniyo. Ine ndimakonda foni ikhale pakati pa dashibodi cha m'munsi pang'ono, kumanzere kwa chiwongolero, pomwe maso amafika osachoka kwambiri pamsewu koma dzanja lochokera pawindo silifika msanga. Mukaimika galimoto chotsani foni ndi chingwe chomwe, ndipo ngati ndi suction cup pukutani kachizindikiro kozungulira kamene imasiya pagalasi. Kona ya m'munsi kumanzere kwa windisikirini isiyeni, ndi ya disiki ya laisensi.

Holder ya maginito ndi yabwino pochotsa foni ndi dzanja limodzi, koma kachitsulo kamene mumamata kumbuyo kwa foni kamasokoneza kutchaja kopanda chingwe ndipo kamatentha, ngati mumatchaja choncho kamateni m'munsi kutali ndi pakati.

Dashcam, zingwe, makapeti ndi makava

Dashcam imatidwe kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, pamalo pomwe waipa imafika, apo ayi mvula ya masana ya kuno ikayamba mudzangojambula madontho. Pogula funsani ngati ili ndi supercapacitor m'malo mwa batire, batire la lithium limafufuma likamakhala padzuwa tsiku ndi tsiku. Chingwe chilowetseni m'mphepete mwa denga, chitsike ndi mzati, koma pa mzatipo chidutse kuseri kwa airbag motsatira mawaya amene alipo kale, osati kupingasa kutsogolo kwake. Ya kumbuyo musaimate pa timizere totenthetsa galasi kapena pa filimu ya tinti, tsiku lochotsa mudzazula zonse.

Soketi ya layitala ndi 12V ndipo fyuzi yake nthawi zambiri ndi 10A kapena 15A, ndiye kuti mawati 120 mpaka 180. Machaja a foni awiri ndi dashcam palibe vuto. Ketulo kapena pampu ya matayala pa adaputala imodzi pamodzi ndi zonsezo ndiye fyuzi imapsa, ndipo ikapsa bwezeranipo ya nambala yomweyo, musaike yaikulu kapena kukulunga kawaya, mawaya a galimoto ndi amene adzapse m'malo mwake.

Kapeti ya dalaivala ndi chinthu chimene anthu amachipeputsa. Mu 2009 Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 3.8 miliyoni ku America chifukwa kapeti imatha kutsetsereka n'kupanikiza chopondera moto. Ndiye chotsani kapeti yakale musanaike yatsopano, osasanjikiza ziwiri. Ikoleni pa timabatani take ta pansi, ngati ndi ija ya labala yokwana galimoto iliyonse iduleni ndi sizasi motsatira mizere yake, kenako injini ili yozimitsa pondani buleki, kilatchi ndi moto mpaka pansi muone ngati palibe chikukodwa.

Makava a mipando, yang'anani kaye m'mbali mwa mpando ngati pali kachizindikiro ka airbag, ngati kalipo gulani okhawo olembedwa kuti ndi a mipando ya airbag, msoko wake wa m'mbali unasokedwa kuti uzing'ambika. Kava ya chiwongolero yezani kaye, zambiri ndi masentimita 37 mpaka 38, iyenera kuvuta polowetsa. Yolowa mosavuta imazungulira yokha pokhota.

Tilowe m'bafa

Zopepuka, monga mswachi, siponji, lezala, sopo mmodzi, suction cup kapena tepi zikwanira ngati mwatsata zija tanena. Mashelefu omata amanyamula mabotolo angapo a shampu, bola muwaike pomwe madzi a shawa samenya mwachindunji. Kwa amene muli m'chipinda cha lendi m'nyumba yogawana bafa ndi mabanja ena ku Yeoville kapena Hillbrow, kabasiketi kokoleka pa paipi ya shawa kapena pamwamba pa chitseko ndi kabwino kuposa zonsezi, mumakachotsa n'kupita nako kuchipinda, koma pa paipi musakadzaze, paipi imeneyo inamangidwa m'khoma ndipo ikamakokedwa pansi tsiku lililonse imayamba kudontha mkati momwe simukuona.

Chitsulo chake muzichiyang'ana. Zonyezimira zotchipa zambiri ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi chrome, pakangokalika dzimbiri layamba ndipo limadetsa ndi matailosi omwe. Funani cholembedwa stainless steel 304, kapena aluminiyamu, kapena pulasitiki yolimba basi, pulasitiki siichita manyazi m'bafa. Maginito amathandiza pang'ono m'shopu, akakakamira mwamphamvu chisiyeni, koma akapanda kukakamira si umboni kuti ndi 304 chifukwa stainless ya 201 yotchipa nayonso siikoka maginito kwenikweni. Shelefu ikhale yobowokabowoka pansi madzi azidutsa, yotseka pansi imasunga madzi, sopo amasungunuka, nkhungu yakuda n'kumera.

Pali zinthu ziwiri zimene sindivomera kumata. Chopachikira thawulo chachitali, chifukwa thawulo lonyowa limalemera komanso anthu amalikoka pochotsa, ana amalendewerapo. Ndi chogwirira cha agogo kapena mayi woyembekezera potuluka m'bafa. Zogwirira za suction zimagulitsidwa, koma munthu akaterereka thupi lonse limapita pa chogwiriracho nthawi imodzi, chimenecho chiyenera kukhomedwa ndi ma screw m'njerwa. Ngati mayi abwera kuchokera kumudzi kudzakhala nanu miyezi ingapo, pemphani alandilodi mukhome chenicheni.

Kubowola tailosi osaiswa

Mwaloledwa kubowola, yambani ndi kugogoda. Gogodani tailosi ndi chala, yomveka phwaphwa ngati mulibe kanthu kuseri isiyeni, imasweka. Gogodaninso khoma pamwamba pa matailosi mudziwe ngati ndi njerwa kapena bolodi, ma complex atsopano ndi zipinda zogawidwa pambuyo pake nthawi zambiri ndi bolodi ya gypsum, mmenemo pulagi wamba, kapulasitiki kolowetsamo screw m'khoma kaja, siigwira, pamafunika ija yotambasuka kuseri ngati gulugufe.

Kenako ganizani za mapaipi ndi mawaya. Amayenda molunjika, kukwera kapena kutsika kuchoka pa mpopi, pa mikisa ya shawa ndi pa switchi, nthawi zina mopingasa pakati pa mpopi wa madzi otentha ndi ozizira. Musabowole pamwamba kapena pansi penipeni pa zimenezi, ndipo yang'anani kuseri kwa khoma lomwelo mwina kuli sinki ya kukhitchini. Dziwani pomwe pali valavu yotsekera madzi musanayatse drill.

Ngati mabowo a chinthucho akulola, bowolani pa mzere wa grout, potuluka m'nyumba mumangotsekapo ndi grout yatsopano osaoneka. Ngati sizikutheka, matani masking tape pa tailosi, lembani pa tepipo ndi pensulo, yezani ndi levulo, tepiyo imathandizanso kuti biti, kachitsulo kobowolera kaja, isatsetsereke. Tailosi ya ceramic imafuna biti ya matailosi yosongoka ngati mkondo, ya porcelain ndi yolimba kwambiri imafuna biti ya diamond. Hamala ya drill ikhale yozimitsa, ndikubwereza, yozimitsa. Yendetsani pang'onopang'ono osakanikiza kwambiri, muziviika biti m'madzi kuti isapse, khalani kutali ndi m'mphepete mwa tailosi masentimita 2 kapena kuposa. Mukamva kuti mwadutsa tailosi, sinthani muike biti ya njerwa ya saizi yomweyo, nthawi zambiri 6 mm, apo ndiye mutha kuyatsa hamala mofatsa.

Pulagi ilowe mpaka idutse tailosi, mutu wake ukhale mkati mwa khoma. Ikathera pa tailosi penipeni, mukamamanga screw imafufuma n'kung'amba tailosi ija mwaisamalira nthawi yonseyi. Thirani kasilikoni pang'ono m'bowo madzi asamalowe m'khoma, gwiritsani ma screw a stainless, malizitsani ndi dzanja osati ndi drill. Za magetsi m'bafa, layiti ya pa kalilole kapena shawa yotenthetsa yokha ija, itanani wa magetsi wovomerezeka, malamulo a magetsi a kuno, a SANS 10142, ali ndi malire a pomwe magetsi angafike pafupi ndi madzi.

Mutu wa shawa ndi silikoni

Musanagule mutu wa shawa waukulu uja wa madzi ogwa ngati mvula, tengani ndowa, tsegulani shawa mphindi imodzi muone malita angati. Magiza a kuno, matanki otenthetsa madzi aja, ali ndi mapresha osiyana, nyumba zakale zina zikadali ndi a 100 kPa, zatsopano zambiri 400 kapena 600 kPa, zimalembedwa pa giza ndi pa valavu yake. Pa presha yochepa, kapena pa flat ya pamwamba pomwe madzi amafika ofooka, mutu waukulu umangodontha, tengani waung'ono wa timabowo tochepa. Mazinga ake ndi theka la inchi pafupifupi paliponse ndiye kukwana si vuto.

Pomasula wakale, gwirani paipi ndi dzanja limodzi kuti isazungulire m'khoma, kulungani nsalu pa nati musanaike shifitingi kuti musakale chrome. Chotsani tepi yakale, kulungani thread tape yoyera ija maulendo 4 kapena 5 mbali imene nati imamangira, onani kuti kawashala ka labala kali mkati, mangani ndi dzanja kenako sipanala pang'ono chabe. Mutu wakale usungeni m'kabati, ndi wa alandilodi.

Madzi akathawa m'dera lanu, zimene zachuluka masiku ano, zimitsani giza kuti elementi isapse, ndipo akabwerera amabwera ndi mchenga ndi dzimbiri la m'mapaipi. Masulani mutu wa shawa ndi kasefa ka kukamwa kwa mpopi, tsegulani madzi atuluke mpaka ayere, kenako bwezerani. Anthu ambiri amagula mutu watsopano pomwe wakale wangotsekeka. Kuuviika mu viniga usiku umodzi kumatsegula timabowo.

Silikoni wakale amene wada ndi nkhungu m'mphepete mwa bafa osamupaka wina pamwamba, watsopano sagwira pa wakale. Mudule yense ndi kampeni, tsukani, paume tsiku lonse. Matani masking tape mbali zonse ziwiri za mzere, dzazani bafa ndi madzi kuti litsike ndi kulemera mpata utseguke, ndiye pakani silikoni wa sanitary wokhala ndi mankhwala a nkhungu, salazani ndi chala chonyowetsa m'madzi a sopo, chotsani tepi pompo asanaume, madzi aja muwataye pakatha maola 24. Pomata kalilole musagwiritse silikoni wonunkha viniga, asidi wake amadya siliva wa kuseri n'kusiya mawanga akuda, funani wolembedwa neutral cure kapena guluu wa makalilole.

Tsiku lobweza galimoto kapena makiyi a nyumba

Chomatidwa ndi tepi musachikoke ndi mphamvu kapena kuchitema ndi sikuludiraiva, pa dashibodi chimang'amba khungu lake, pa khoma chimachoka ndi penti. Chifunditseni ndi hair dryer mphindi imodzi kapena ziwiri, tengani ulusi wa mbedza kapena dental floss, ulowetseni kuseri n'kumacheka uku ndi uku mpaka chichoke. Guluu wotsala mufikiseni ndi chala chachikulu azikulungika, wotsiriza mupukute ndi alcohol uja. Pa galasi ndi pa tailosi yonyezimira lezala yogoneka imathandiza, pa pulasitiki ndi pa tinti ayi. Thinazi ndi asetoni zisayandikire dashibodi, zimasungunula pulasitiki.

Mabowo a pa grout, zulani pulagi pomanga screw pang'ono n'kukoka ndi pulayazi, tsekani ndi grout ya mtundu wofanana, ku mashopu a zomangira monga Builders, Cashbuild kapena CTM kuli timapaketi ting'onoting'ono. Chimene munakhoma pa tailosi penipeni nthawi zambiri ndi bwino kuchisiya pomwepo mutagwirizana ndi alandilodi, kusiyana n'kusiya mabowo. Bwezerani mutu wa shawa wakale, jambulaninso zithunzi mbali zomwe munajambula polowa, ndipo mukhalepo pa tsiku loyendera nyumba. Ngati palibe chowonongeka lamulo limati dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku 7, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo akakana popanda chifukwa nkhaniyo mutha kupita nayo ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza nkhani za lendi, kumeneko salipiritsa.